Ufumu wa Maravi ndi Kachisi wa Kumtunda kwa Diamphwe

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ophunzira akale, yemwe ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza onse kuti nawonso anzathu amene sanathe kufika awamve.



Poyamba ndithokoze komiti yathu chifukwa chondipatsa mpata uwu. Kalata yondipempha kuti ndidzayankhule itandipeza, ndinadziwa kuti ambiri mudzayembekeza kumva za malata a laibulale ndi za ngongole ya masabusikiripishoni. Zimenezo ndasiyira Msungichuma, popeza ndiye amadziwa kukumbutsa anthu mosawakwiyitsa. Ine ndabwera ndi nkhani ya mtsinje wa Diamphwe, womwe uja ena a ife tinkathawirako kukasamba Loweruka masana, ndi ya ufumu umene unatipatsa dzina loti Amalawi.

Chimene chandiyambitsa nkhaniyi ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 2. Pa tchuthi cha Khirisimasi anabwera kudzatichezera, koma usiku uliwonse maso ake anali pa foni. Nditamufunsa chimene chinkamulanda tulo, anati akuonera filimu yaitali ya ku Korea yotchedwa Jumong. Anandifotokozera mosadodoma kuti Jumong anali katswiri wa uta ndi mivi, kuti anathawa adani kwawo, ndipo kuti ndiye anayambitsa ufumu wa Goguryeo. Ndinati, "Wakhoza mwana wanga. Nanga Kalonga anali yani?" Iye anati, "Agogo, ameneyo tinalemba kale pa mayeso." Ndinafunsanso kuti, "Nanga Makewana ankakhala kuti?" Mwana anangoti kukamwa yasa. Ndinatsala pang'ono kumukalipira, koma ndinakumbukira kuti inenso pa msinkhu wake sindikanayankha, ndipo mlandu wanga unali waukulu kuposa wake. Ndidzaufotokoza ndisanakhale pansi.

Mdzukulu uja atabwerera ku sukulu, ndinafuna kudziwa chifukwa chake anthu a ku Korea amatha kusimba za mafumu awo a zaka 2,000 zapitazo mpaka mwana wa ku Mitundu n'kuwaloweza. Mbiri yawo imati ufumu wa Goguryeo unayamba zaka 37 Yesu asanabadwe, ndipo unagwa m'chaka cha 668 utagonjetsedwa ndi ufumu wa Silla mothandizana ndi asilikali a ku China. M'chaka cha 414 mfumu Jangsu inaimika mwala wotalika kupitirira mamita 6 ndi kulembapo ntchito za bambo wake, mfumu Gwanggaeto, ndipo mwalawo ulipo mpaka lero ku Ji'an, m'dziko la China. M'chaka cha 1145 nduna ina, Kim Bu-sik, inasonkhanitsa zolembedwa zakale ndi kulemba buku la mbiri ya maufumu atatu a dzikolo. Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi: ufumu wa Goryeo, umene unadzuka m'chaka cha 918, unatenga dzina lake kwa Goguryeo, ndipo dzina loti Korea linachokera pamenepo. Ndiye kuti anzathuwa anachita zomwe ifenso tinachita pa 6 Julaye 1964, pamene tinataya dzina loti Nyasaland ndi kutola dzina la ufumu wa makolo athu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo pamodzi ndi dzina anasunganso nkhani yake, pamene ife ambiri tinangotola dzina lokha.

Musandimve molakwa. Za ufumu wa Maravi tinaphunzira, ndipo aphunzitsi athu anagwira ntchito yawo. Tinaloweza m'Chingerezi zifukwa zimene ufumuwo unakulira ndi zimene unagwera, tinalemba mayeso a J.C., tinakhoza, n'kuiwala. Chimene sitinachigwire m'mutu n'chakuti zinthuzo zinachitikira pa nthaka yomwe tinkapondapo popita kokathyola nkhuni. Tsono ndiloleni ndiyambirenso phunziro lija, koma lero m'chinenero chathu ndiponso kuyambira pakhomo.

Akuluakulu amasimba kuti makolo athu anachokera ku Uluwa, dera limene lero lili m'dziko la Congo, ndipo sanafike tsiku limodzi. Oyamba kufika anali a mfunda wa Banda, amene anapeza Akafula, anthu aafupi okhala m'mapanga. Pambuyo pake kunafika a Phiri, motsogozedwa ndi Kalonga, ndipo anakakhazika likulu lawo ku Mankhamba ndi ku Manthimba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. A Phiri sanathamangitse a Banda ayi. Anagawana nawo ntchito. A Phiri anatenga mpando, milandu ndi nkhondo, pamene a Banda anasunga za nthaka ndi za mvula. Kalonga ankachokera m'mimba ya Nyangu, mayi wamkulu wa a Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankayenera kukhala wa kwa Banda. Motero mfumu sinkatha kulamula yokha popanda kumva mawu a eni nthaka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo athu anamanga ufumu wonse pa nzeru imeneyi.

Ufumuwo unakula chifukwa achibale a Kalonga anapita kukakhazika maufumu awo kutali. Undi analowera kumadzulo n'kukakhala ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku chigwa cha Shire. Chuma chawo chinali makasu ndi nkhwangwa zosulidwa ku ng'anjo, nsalu zathonje zolukidwa pamanja, mchere, ndiponso koposa zonse minyanga ya njovu. Mlenje akapha njovu, nyanga imene yagunda pansi inali ya mfumu mwini dziko, ndipo zikopa za mikango ndi akambuku zinkaperekedwanso ngati mtulo.

Ena amaganiza kuti zonsezi ndi nthano za pamoto chabe. Si choncho. Apwitikizi, amene anali ku Tete ndi ku Sena, analemba za mfumu yamphamvu ya Amaravi dzina lake Muzura, imene akatswiri ambiri amati inali Kalonga. M'chaka cha 1608 Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kwa Zambezi kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwenemutapa. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, ndipo anachereredwa kumudzi kwa Muzura. M'chaka cha 1622 Muzura anagonjetsa Lundu. Pa mapu akale a Azungu nyanja yathu inkalembedwa ndi dzina loti Maravi. Ndiponso m'masiku athu omwe ano katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, anakumba ku Mankhamba ndi kupezako mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, mapale a mbale za ku China, zinthu zamkuwa, zitsulo ndi zibangili za minyanga. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka m'chaka cha 2020. Choncho mbale yopangidwa ku China, dziko loyandikana ndi Korea, inafika ku Mtakataka zaka zambiri David Livingstone asanabadwe.

Tsopano ndifike kwathu kuno. Mpando wa ufumu unali ku Mankhamba, koma mtima wake unali kuno. Mukatsata Diamphwe kulowera kumtunda, kusiya mlatho wa pamsewu wa Lilongwe ndi Dedza kumbuyo, mudzafika m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama kumene mtsinjewu umachokera. M'mapiri amenewo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu ankati Chauta anatsitsira anthu oyamba ndi nyama, mapazi awo n'kudindika pa thanthwe lisanaume. Kachisi wamkulu wa mvula anayambira pamenepo, kenaka anasamukira ku Msinja, m'mbali mwa Diamphwe yemweyu. Woyang'anira kachisiyo anali mayi wa kwa Banda, ndipo dzina la udindo wake linali Makewana, kutanthauza mayi wa ana onse.

Monga amafotokozera akuluakulu, Makewana sankakwatiwa ndi munthu, popeza ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Chisumphi. Sankameta tsitsi, chifukwa kumeta kukanakhala kumeta mvula. Ankavala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano. Panali nduna ya kwa Mbewe yotchedwa Kamundi, imene inkaimira Thunga, njoka yopatulika. Panalinso Tsang'oma, wosunga ng'oma yotchedwa Mbiriwiri, imene amati inalandidwa kwa Akafula, ndipo inkaombedwa poitana anthu ku nsembe. Pafupi ndi kachisi panali dziwe lopatulika, ndipo dzina la dziwelo linali Malawi. Inde anzanga, dzina lomwe lili pa pasipoti yanu linali dzina la dziwe la kumtunda kwa mtsinje wathu. Kukagwa chilala, mafumu akutali, ngakhale Undi amene, ankatumiza amithenga ndi mphatso ku Msinja kukapempha mvula. Mudziwo unalibe linga ngakhale asilikali. Chimene chinkauteteza chinali ulemu umene anthu onse ankaupatsa.

Nanga ufumu wotere unatha bwanji? Sunagwe ngati mtengo wodulidwa ndi nkhwangwa, unagwa ngati nyumba yodyedwa ndi chiswe. Dziko linakula kwambiri kotero kuti mafumu akutali anayamba kudziyendera okha. Amalonda a Chiyao, a Chibisa ndi a Chipwitikizi anasiya kudzera kwa mfumu yaikulu, n'kumagula minyanga mwachindunji kwa mafumu aang'ono, motero mtulo unaleka kufika ku likulu. Mfumu yopanda chogawira anthu ake imasanduka mfumu ya dzina lokha. Kenaka malonda anatembenuka kuchoka pa minyanga kupita pa anthu, ndipo mudzi unayamba kugulitsa mudzi unzake. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi, ndipo m'zaka zotsatira nkhondo zinafalikira m'dziko lonse. Kalonga Sosola, womaliza kulamulira ku Mankhamba, anafa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo yolimbana ndi Ayao. Mu Okutobala 1866 Livingstone anadutsa dera lathu lino, ndipo m'buku lake la ulendo analembamo maina a Diamphwe ndi Dzalanyama. Anaona ng'anjo zambiri zosungunulira chitsulo, komanso anaona anthu okhala mwamantha chifukwa cha nkhondo. Patangopita zaka zochepa, cha m'ma 1870, Angoni a kwa Maseko, amene anadzakhala ku phiri la Domwe, anawononga Msinja, ndipo anthu a pakachisi anabalalika.

Ndikunena izi osati pofuna kudzutsa chidani. M'holo muno muli a Jere, a Maseko, a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi ana a Chiyao, ndipo tonse tinkadyera m'mbale imodzi ya nyemba zofumbwa. Ambiri a ife magazi a mbali zonsezi ali m'thupi limodzi. Phunziro limene ine ndimatolapo n'lakuti nkhondo yochokera kunja inapeza nyumba itaphwasuka kale m'kati, pamene aliyense anayamba kugulitsa payekha chimene chinali cha onse.

Komabe si zonse zinatha. Phiri la Bunda, limene ambiri timangolidziwa chifukwa cha koleji ya zaulimi, nalonso ndi malo akale a nsembe za mvula. Zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006, ndipo Gule Wamkulu analemekezedwa ndi bungwe lomwelo m'chaka cha 2005. Chaka ndi chaka mu Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndipo zambiri zimene ndakuuzani lero tikuzidziwa chifukwa anthu owerengeka anakhala pansi ndi nkhalamba n'kulemba. Mmodzi wa iwo anali Samuel Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, kuseri kwa Nathenje konkuno, amene anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu ndi kulemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Wina anali W. H. J. Rangeley, bwana wa boma la atsamunda, amene analemba za Makewana m'chaka cha 1952. Ntara analibe galimoto ngakhale makina ojambulira mawu. Anali ndi pensulo, kope ndi makutu.

Ku Korea komweko kunali maufumu ena aang'ono otchedwa Gaya, odziwika ndi kusula chitsulo monga makolo athu. Iwo anamezedwa ndi Silla m'chaka cha 562, ndipo sanasiye buku lawolawo la mbiri, kotero kuti zochepa zimene zinalembedwa za iwo zinalembedwa ndi anthu ena. Zidzukulu zawo zinachita kukumba manda ndi kutolera mapale kuti zidziwe makolo awo, mpaka m'chaka cha 2023 manda a mafumu a Gaya analowa m'kaundula yemwe uja wa UNESCO. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Msinja anawonongedwa zaka pafupifupi 150 zokha zapitazo, ndipo m'midzi yathu mukadali nkhalamba zimene zinamva nkhaniyi kwa agogo awo amene anabadwa utsi wake usanazilale.

Apa ndiye pali mlandu wanga uja. Agogo anga aakazi, Anabanda, anali a kumtunda kwa Diamphwe. Ndili Fomu 3 ndinapita kwawo pa tchuthi chaka china mvula itachedwa, chimanga chitayamba kupota masamba. Madzulo ena tili pakhonde anayamba kundiuza za Msinja, za njira imene amayi awo ankadzera ponyamula ufa wa nsembe, za maina a anthu amene ankatumikira pakachisi, ndi za nyimbo zimene ankaimba. Ine, ndi Chingerezi changa cha Fomu 3, ndinawadula pakamwa. Ndinati, "Agogo, zimenezo n'zachikunja. Mvula imabwera chifukwa cha mphepo yochokera ku Congo, tinaphunzira ku jogalafe." Agogo sanakwiye. Anangofwenthera fodya wawo n'kunena kuti, "Chabwino aphunzitsi, mwatiphunzitsa." Sanadzayambenso nkhaniyo, ndipo anamwalira ndili ku koleji. Zimene ndinanena za mphepo zinali zoona, ndipo ndine Mkhristu lero monga ndinalili tsiku limenelo. Koma agogo sankandipempha kuti ndikathire nsembe. Ankandipatsa maina, njira ndi mbiri ya mtundu wanga, ine n'kukana kulandira. Pambuyo pake ndaphunzitsa mbiri yakale zaka zoposa 30, ndikuwerenga m'mabuku a Azungu zidutswa za nkhani yomwe ndikanaimva yathunthu pakhonde kwaulere. Mawu a akulu akoma akagonera, koma mwini mawu akapita, ogonerawo amakhala ochepa.

Si nkhalamba zokha zimene zikutha. Nkhalango ya Dzalanyama, imene boma linaiteteza kuyambira m'chaka cha 1922, ikupita ku Lilongwe pa njinga, thumba ndi thumba la makala. Zinafika poti m'chaka cha 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Inu amene mumalima m'madimba a m'mbali mwa Diamphwe mukudziwa bwino momwe madzi amachepera ikafika Okutobala. Makolo athu ankaletsa kudula mtengo pa malo opatulika, ndipo kaya munthu akhulupirire chifukwa chawo kaya asakhulupirire, lamulolo linkasunga akasupe a mtsinje. Sindikuloza chala wootcha makala, chifukwa ambiri mwa ogula ndife tomwe tili muno, amene timakhala m'tauni.

Tsono Bambo Wapampando, ndili ndi mapempho atatu, ndipo ndikupempha kuti alowe m'maminitsi.

Loyamba, bungwe lathu lithandize ana a Fomu 3 kuti pa tchuthi chikubwerachi aliyense akakhale pansi ndi nkhalamba imodzi ya m'mudzi mwawo, mwamuna kapena mkazi, ndi kujambula mawu ake pa foni. Akafunse za mfunda wawo, kumene mudzi unachokera, mndandanda wa mafumu ake, kumene anthu anathawira nthawi ya nkhondo, ndi kumene kunali ng'anjo. Asakafunse zinsinsi za kudambwe kapena za kutsimba, zimenezo zili ndi eni ake. Akabwerako alembe m'Chichewa momwe anamvera, osakometsera, ndipo alembe dzina la mudzi ndi tsiku.

Lachiwiri, ife ophunzira akale tisonkhe ndalama zosindikizira zolembazo kukhala kabuku, kope limodzi likhale m'laibulale ya sukulu, lina kwa mfumu ya mudzi uliwonse umene watithandiza. Ine ndine wopuma pa ntchito ndipo penshoni yanga mukuidziwa, koma ndalonjeza mtengo wa matumba awiri a soya wa chaka chino, ndiponso ndidzawerenga ndi kukonza zolemba zonse popanda malipiro.

Lachitatu, tipemphe mafumu athu ali panowa kuti atilankhulire kwa eni malo, kuti chaka chilichonse ana a sukulu ino azipita ku Msinja ndi aphunzitsi awo, mwaulemu ndi motsata malangizo a osunga malowo, ndipo pobwerera azibzala mitengo yachilengedwe m'mbali mwa Diamphwe. Ulendo woyamba ndidzapita nawo ngati miyendo idzalola, ndipo mdzukulu wanga uja ndamuuza kale kuti adzanyamula madzi anga akumwa. Filimu yake ya ku Korea sindinamuletse. Ndangomuuza kuti akamaliza kuonera za makolo a anzake, adzandilembere masamba awiri a za makolo ake.

Amene muli ndi makolo okalamba kumudzi, musadikire komiti. Pitani mwezi uno, mutenge shuga ndi kope, mukakhale pansi ndipo musakawadule pakamwa.

Bambo Wapampando, mafumu, amayi ndi abambo, ndadya nthawi yanu yambiri ndipo ndikumva kuti nsima yapsa.